Makalabu Asamalimbirane Holo: Mmene Mungakhazikitsire Khonsolo ya Ophunzira pa Sekondale

Sekondale za mu Harare sizisowa makalabu. Kaya ndi ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa kapena Mabvuku, mukafunsa mupeza a kwaya, a zisudzo, a mtsutso, a marimba, a Scripture Union, a zachilengedwe, pena ndi a Interact (kalabu ya achinyamata yotumikira anthu a m'dera) kapena a Red Cross. Chosowa ndi wowakhazika pansi onsewa. Holo ndi imodzi, sipika ndi imodzi, masana opanda phunziro ndi owerengeka, ndipo mtsikana woyambitsa nyimbo ku kwaya ndi yemweyo amene a zisudzo akumudalira pa sewero lawo. A Interact akakonza tsiku lovala zakunyumba sabata ino, a mpira nawo akonza lawo sabata yamawa, kholo lomwelo n'kupemphedwa dola kawiri. Makalabu aang'ono amangozimirira popanda wowalira, aakulu n'kumasungirana mangawa.

Malangizowa ndalembera ana athu a Fomu 3 ndi Lower Six (chaka choyamba mwa ziwiri zotsatira Fomu 4, chachiwiri ndi Upper Six), pamodzi ndi aphunzitsi ndi makolo amene angawagwire mkono. Khonsolo imene ndikunena ine ntchito yake yaikulu ndi kusunga zinthu zitatu: kalendala imodzi ya sukulu yonse, buku limodzi la katundu ndi ndalama, ndi tsiku limodzi limene atsogoleri a makalabu onse amaonana maso ndi maso. Mabaji ndi mipando ya kutsogolo pa asembule zibwere pambuyo, ngati zingabwere n'komwe.

Yambani ndi kope, osati ndi chisankho

Musathamangire ku ofesi ya ahedi. Gulani kope latsopano, mukhale atatu kapena anayi ochokera m'makalabu osiyana, ndipo muyendere kalabu iliyonse pa tsiku limene imakumana. Musadalire mndandanda wa mayina wa mu Januwale, chifukwa ana a Fomu 1 amalembetsa paliponse sabata yoyamba. Werengani mitu ya amene abweradi. Pa tsamba la kalabu iliyonse lembani mphunzitsi woiyang'anira, mtsogoleri wake, tsiku ndi chipinda chimene amakumanamo, katundu amene ali naye, ndi chimene chikuwasowa. Lembaninso masiku amene sangawasunthe chifukwa anaikidwa ndi anthu akunja, monga mpikisano wa masukulu a m'dera kapena msonkhano woitanidwa ndi bungwe lowathandiza.

Pali funso limodzi limene musaliiwale: "Ndi liti pamene kalabu ina inakusokonezerani zimene munakonza?" Mukafunsa, khalani chete, mulembe. Musagamule mlandu, musatchule amene analakwa. Mumva za sipika imene inabwerekedwa n'kubwerera chingwe chitaduka, za holo imene anaipeza muli kale anthu, za mwana amene anakalipiridwa ndi aphunzitsi awiri tsiku limodzi chifukwa aliyense ankamufuna. Nkhani zimenezi ndi zimene zidzakutsegulireni chitseko kwa akuluakulu, pakuti nawonso zimawatopetsa.

Pa tsamba lomaliza lembani mayina a ophunzira amene ali m'makalabu atatu kapena kuposa. Mudzadabwa kuti ndi kagulu kochepa kamene kasenza zonse, pamene ana ambiri sali paliponse.

Gwirizanani ndi mapulifekiti msanga

Pa sukulu zambiri mapulifekiti amasankhidwa makamaka ndi aphunzitsi, ndipo ntchito yawo ndi mwambo: kusunga nthawi, yunifomu, phokoso. Amatenga mawu a akuluakulu kupita nawo kwa ana. Khonsolo imatenga mawu a ana kupita nawo kwa akuluakulu. Ntchito ziwirizi n'zosiyana, koma mapulifekiti akamva za khonsolo kudzera m'manong'onong'o adzaganiza kuti mukuwalanda udindo. Pitani nokha kwa mnyamata ndi mtsikana amene ali akulu a mapulifekiti, muwaonetse kope lanu, muwapatse mipando iwiri mu khonsolo. Koma upampando musawapatse. Ali kale ndi katundu wokwanira, ndipo ana saulula zakukhosi pamaso pa munthu amene mawa angawalembe dzina.

Pezani mphunzitsi mmodzi, kenako mukaonekere kwa ahedi

Sankhani mphunzitsi amene anzake amamumvera, osati wongokondedwa ndi ana. Akhale woti sayang'anira kalabu yaikulu, kuti pasadzakhale wonena kuti akukondera. Iyeyu ndi amene akupempherani nthawi kwa ahedi kapena achiwiri awo.

Polowa mu ofesi tengani pepala limodzi lokha. Pamwamba pakhale chiwerengero cha makalabu ndi ana amene amapitako, pakati pakhale zitsanzo zitatu za kusokonezana popanda kutchula mayina a anthu, pansi pakhale pempho lanu. Pemphani zazing'ono: chipinda chokumaniramo kawiri pa mwezi, bolodi la zidziwitso pamalo podutsa anthu, ndi mphindi zitatu pa asembule kamodzi pa sabata. Nenani kuti mukufuna kuyesa kwa teremu imodzi, ndipo ikatha iwo aone ngati zathandiza. N'kovuta kuti munthu wamkulu akane chinthu choyeserera chimene sichikufuna ndalama.

Ndi bwino kudziwa kuti malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013, pa gawo 81, amapatsa mwana aliyense wosafika zaka 18 ufulu womvedwa. Dziwani zimenezi kuti mtima wanu ukhale m'malo, koma musalowe mukuzigwedeza m'mwamba. Ahedi amene akuona ngati mwabwera kudzawazenga mlandu adzakuyankhani mwaulemu, pepala lanu n'kukagona mu dilowa mpaka chaka kutha.

Mawu awiri kwa inu ana a kwathu, a Banda, a Phiri, a Mwale, amene agogo anu anabwera kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'mafakitale: ena mwa inu mumabwerera m'mbuyo pakafunika woyankhulira anzake, poopa kuti wina akumbutsa za kumene makolo anachokera. Malamulo omwewo, pa gawo 6, amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko lino, ndipo Chichewa chili m'gulumo. Sukuluyo ndi yanu monga ilili ya wina aliyense. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lembetsani dzina.

Gawani mipando mosamala

Apa ndi pamene makhonsolo ambiri amapunthwa asanayambe kuyenda. Kupatula iwiri ija ya mapulifekiti, pakhale mipando ya mitundu iwiri. Yoyamba ndi ya mafomu: fomu iliyonse isankhe awiri, mtsikana ndi mnyamata ngati sukulu ndi yosakaniza. Yachiwiri ndi ya makalabu: kalabu iliyonse mpando umodzi, voti imodzi, kaya ili ndi anthu 80 kaya 9. A kwaya adzadandaula kuti iwo ndi ochuluka. Ayankheni kuti kuchuluka kwawo kumawapatsa kale mphamvu tsiku lililonse, ndipo tebulo ili laikidwa kuti a chesi nawonso amveke. Matimu a masewero muwawerenge ngati makalabu, koma ngati ndi ambiri agwirizane pa nthumwi ziwiri kapena zitatu.

Ngati sukulu yanu ndi imodzi mwa zimene ena amaphunzira m'mawa, ena masana chifukwa cha kuchepa kwa zipinda, onetsetsani kuti magulu onse awiri ali ndi nthumwi, ndipo msonkhano uzichitika pa nthawi yosinthana, pamene ena akuweruka ena akufika. Mukapanda kutero khonsolo idzakhala ya gulu limodzi.

Wapampando, mlembi ndi msungichuma achokere mu Fomu 3 kapena Lower Six. A Fomu 4 ndi Upper Six mayeso a boma a ZIMSEC amawatenga kuyambira Okutobala, ndipo maganizo awo amakhala atachoka kale teremu yachiwiri isanathe. Iwo akhale alangizi.

Chisankho chikhale chachinsinsi, pa timapepala todindidwa ndi chidindo cha sukulu, ndipo kuwerenga kuchitike poyera tsiku lomwelo, nthumwi ya wopikisana aliyense ikuona. Wopikisana apatsidwe mphindi ziwiri zonena chinthu chimodzi chimene adzachite. Wogawa masiwiti kapena mafiriziti kuti avoteredwe achotsedwe pa mndandanda, ndipo lamuloli linenedwe kampeni isanayambe. Mitundu, nyimbo ndi zizindikiro za zipani za ndale zisalowe konse. Zikangolowa, ahedi ali ndi chifukwa chomveka chotsekera zonse.

Malamulo a khonsolo asapitirire masamba awiri. Anene amene amakhala pa mipando, masiku okumana, chiwerengero cha anthu chofunika kuti mfundo imangidwe, ndi chochita ndi nthumwi imene yajomba katatu motsatizana. Ahedi asayine, kope lina lipachikidwe pa bolodi.

Kalendala: apa pokha musafulumire

Msonkhano woyamba wa teremu iliyonse ukhale wa kalendala basi. Jambulani masabata onse a teremu pa pepala lalikulu. Muyambe kulemba zimene palibe angazisunthe: mayeso, masiku a makolo, mipikisano ya kuthamanga imene imadzaza teremu yoyamba, masewero a mpira a teremu yachiwiri. Lembaninso masiku a dziko amene makalabu angawagwiritse ntchito. Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku loyeretsa malo, monga boma linalengezera mu Disembala 2018. Pa 16 Juni ndi tsiku la mwana wa mu Africa, lokumbukira ana a sukulu a ku Soweto amene anaphedwa mu 1976. Loweruka loyamba la Disembala ndi lodzala mitengo, ndipo popeza limafika sukulu zili pafupi kutseka, mbande ziyenera kufesedwa teremu yachitatu ikangoyamba kapena isanayambe.

Zikatha izi, kalabu iliyonse itchule zochitika zake zazikulu, zosapitirira ziwiri pa teremu. Awiri akafuna tsiku limodzi kapena chipinda chimodzi, musavote. Voti pa nkhani ngati iyi imangosonyeza amene ali ndi anzake ambiri. Tsatirani lamulo limene munagwirizana mkangano usanabuke. Ine ndimakonda ili: tsiku loikidwa ndi akunja limaposa tsiku lodziikira nokha, ngati onse ndi odziikira, amene anayamba kulembetsa kwa mlembi ndiye atenge, ndipo amene wagonja lero alembedwe m'buku kuti teremu yamawa ndiye woyamba kusankha. Chachitatuchi ndicho chimachotsa chiwawa mumtima, chifukwa wololera amadziwa kuti kulolera kwake kwasungidwa.

Poika masiku kumbukirani anthu enieni amene adzabwere. Pakati pathu pali ana achisilamu ambiri, makamaka a m'mabanja achiyao, amene Lachisanu masana amafunika ku mzikiti. Pali a Adventist ndi a mipingo ina amene Loweruka sangapezeke. Pali okwera makombi awiri kuti akafike ku Epworth kapena ku Chitungwiza, ndipo mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa msanga. Msonkhano wotha mochedwa umasankha wokha amene adzakhalemo: anyamata okhala pafupi. Atsikana ndi amene amayamba kuletsedwa kunyumba. Ikani nthawi yotsekera, muisunge ngakhale nkhani zisanathe. Chochitika chofuna magetsi chikhale ndi njira ina yokonzeratu, pakuti tonse tikudziwa kuti amatha kuzima pakati pa nyimbo.

Aja munawalemba kuti ali m'makalabu ambiri, khalani nawo pansi. Aliyense atchule kalabu imene aziika patsogolo teremu imeneyo, atsogoleri onse amve. Si kumulanga mwanayo. N'kumupulumutsa ku kukokedwa uku ndi uku, ndiponso kutsegula malo kwa ena amene sanayesedwepo.

Kalendala ikatha, ipite kwa mphunzitsi wanu, ikasayinidwe ku ofesi, ipachikidwe. Gulu la WhatsApp lingathandize kukumbutsana, koma si ana onse ali ndi foni, ndipo sukulu zina siziwalola. Chimene sichili pa bolodi sichinalengezedwe.

Kubwerekana katundu

Buku limodzi, mizere isanu: chinthu, wobwereka, mmene chinalili potuluka, tsiku lobweza, mmene chabwerera. Onse awiri asayine potuluka ndi pobwera. Sipika iyesedwe pamaso pa onse awiri isananyamulidwe. Marimba asatuluke popanda mmodzi wa eni ake kuwaperekeza. Chikawonongeka, kalabu yobwereka ndiyo ikonze, osati mwana amene anachinyamula.

Ndalama

Ndikupemphani ndi mtima wonse: ndalama za makalabu zisagone m'thumba la wophunzira, ndipo zisalowe mu EcoCash (akaunti ya ndalama ya pa foni) ya mwana kapena ya kholo lake. Mwana wabwino kwambiri akhoza kupeza kunyumba kulibe ufa wa nsima, ndalama za kalabu zili m'chikwama. Musamuike pa mayesero otere. Njira iliyonse yopezera ndalama iyambe yavomerezedwa ndi ahedi, ndipo ngati ikukhudza matumba a makolo, komiti ya makolo yoona za chitukuko cha sukulu idziwe. Tsiku lotolera, awerenge ophunzira awiri ochokera m'makalabu osiyana, mphunzitsi ali pomwepo. Ndalama zipite ku ofesi yosunga ndalama za sukulu tsiku lomwelo, lisiti limatidwe m'buku. Lembani momveka ngati ndi madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, ndipo musaphatikize ziwirizi pa mzere umodzi.

Ambiri a inu muli ndi agogo kapena azakhali amene ali m'mabungwe othandizana pa maliro, aja anthu a kwathu akhala akuyendetsa m'malokeshoni muno kuyambira kale. Pemphani kuona mmene amasungira buku lawo: wapereka ndani, liti, zingati, ndipo zonse zimawerengedwa mokweza pamaso pa gulu. Msungichuma wanu achite chimodzimodzi pa msonkhano womaliza wa mwezi.

M'malo moti kalabu iliyonse izichititsa tsiku lake lovala zakunyumba, pemphani limodzi pa teremu, la makalabu onse. Kagawidwe kake kagwirizanidwe ndalama zisanaoneke. Mwachitsanzo, theka ligawidwe mofanana kwa onse, gawo lina lipite kwa amene ali ndi ulendo wa mpikisano teremu imeneyo, lotsala likhale la kukonzera katundu wogwiritsa ntchito onse. Ndipo mwana amene wabwera ndi yunifomu tsiku limenelo asafunsidwe chifukwa chake ndi wina aliyense.

Ntchito yoyamba yochitira limodzi

Isakhale chikondwerero chachikulu. Sankhani ntchito yotheka m'masabata anayi, yosafuna ndalama zambiri, imene kalabu iliyonse ipezamo mbali yake yeniyeni. Ukhondo ndi madzi ndi poyambira pabwino, chifukwa ku Harare nkhaniyi si yongowerenga m'buku. Kolera ya mu Seputembala 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro, ndipo mabanja ambiri akuikumbukirabe. Lunjikani pa Lachisanu loyamba la mwezi. A zachilengedwe ayendere sukulu, alembe pamene pamaunjikana zinyalala ndi mipope imene ikudontha. A sayansi ndi a Red Cross akonze zigubu zosambira m'manja pafupi ndi zimbudzi, aphunzitsenso kasakanizidwe ka madzi a shuga ndi mchere a wotsegula m'mimba. A zisudzo akonze kasewero ka mphindi zisanu, a kwaya nyimbo imodzi, a zojambula zikwangwani, a mtsutso alembe kalata yopita kwa khansala wa dera kudzera kwa ahedi. Matimu a mpira anyamule matumba. Pasakhale wotola zinyalala ndi manja opanda magolovesi, mapulasitiki asawotchedwe, ndipo paipi ya zonyansa ikaphulika ophunzira asaiyandikire. Imeneyo ndi yokanena ku khonsolo ya mzinda. Ngati sukulu yanu ili ndi mwana amene ali mu Junior Council, khonsolo ya ana ya mzinda wa Harare, kapena mu Junior Parliament, nyumba ya malamulo ya ana imene inayamba mu 1991, mupatseni kalatayo akainenenso kumeneko. Muziwaitana otere ku misonkhano yanu, kuti akamayankhula kunja azinena zimene anzawo awatuma.

Pa asembule yotsatira, tchulani kalabu iliyonse ndi chimene inachita, kuyambira yaing'ono kwambiri.

Ntchito yachiwiri ambiri amasankha tsiku la zikhalidwe, ndipo ndi labwino. Gule wa Mbende Jerusarema wa anzathu a ku Murehwa ndi Gule Wamkulu wathu zonse zinazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, choncho pali zonyadira mbali zonse. Koma Gule si sewero loti ana asoke zigoba n'kuvinira anzawo kuti aseke. Ali ndi eni ake ndi mwambo wake. Ngati mukufuna kuti anzanu amve za iye, pemphani akuluakulu a m'dera lanu abwere adzafotokoze zimene iwo aona kuti n'zoyenera kunenedwa. Zovina pa bwalo la sukulu zilipo: chimtali, beni, nyimbo za pamtondo, nthano ndi zilapi.

Nkhani zimene si zanu

Khonsolo ikayamba kukhulupiriridwa, ana adzabwera ndi zolemera: kuzunzidwa, kugwiriridwa, mankhwala ozunguza bongo, mnzawo amene akufuna kudzivulaza. Izi musazikambirane pa msonkhano, musazilembe m'buku la zokambirana, musafufuze nokha. Perekezani mwanayo tsiku lomwelo kwa mphunzitsi wa uphungu kapena wamkulu wina amene iye akumukhulupirira. Nambala ya Childline, bungwe lothandiza ana amene ali pa mavuto, ndi 116, ndipo ndi yaulere. Ilembedwe pa bolodi lanu chaka chonse. Dandaulo lokhudza mphunzitsi lipite mwachinsinsi kudzera kwa wokuyang'anirani kapena achiwiri kwa ahedi, osati pa WhatsApp.

Kusiyirana

Chisankho cha chaka chotsatira chichitike kumayambiriro kwa teremu yachitatu, kuti atsopano akhale limodzi ndi akale misonkhano iwiri kapena itatu asanatsale okha. Kalabu iliyonse ichitenso chimodzimodzi, ndipo khonsolo ifunse mtsogoleri aliyense kuti wachiwiri wake wa fomu yotsika ndi ndani; kalabu yopanda yankho ithandizidwe kupeza munthu mwezi womwewo. Pa msonkhano womaliza akale apereke kope lija la kalembera, malamulo, kalendala za materemu atatu, buku la katundu ndi ndalama pamodzi ndi malisiti ake, ndi tsamba limodzi lonena zimene zinakanika ndi chifukwa chake. Musaiwale mndandanda wa makalabu amene analolera anzawo ndipo akudikira kusankha koyamba. Zonsezi zikhale m'bokosi limodzi, lisungidwe mu ofesi ya achiwiri kwa ahedi pa holide ya Disembala, ndipo mlembi watsopano akalitenge sabata yoyamba ya Januwale, msonkhano wa kalendala usanaitanidwe.